Za kunyumba kwa a Sajeni

Matawale, Zomba
23 Malichi 2025

Achimwene,

Uthenga wanu ndinauona Lachitatu lomwe lija, ndipo foni yanu sinakunamizeni, ndinauwerengadi. Sindinayankhe dala. Funso lanu linali lalifupi, lakuti mutumize ndalama zingati zothandizira banja la mnzathu a Sajeni, koma yankho lake silingakwane pa kafoni kanga aka, kamene chala chimodzi chimadina zilembo ziwiri. Ndiye lero titaweruka kutchalitchi ndati ndikhale pansi ndilembe zenizeni, ngati kale lija mutangofika kumene ku Joni.

Ndiyambe ndi kukutsitsani mtima. A Sajeni ali moyo ku Congo kuja. Anayankhula ndi alamu, akazi awo, Lachisanu usiku, mphindi zinayi zokha, mawu akudukaduka. Ana onse atatu akudzuka. Agogo kumudzi ku Jali akudandaula miyendo, monga mukuwadziwira.

Tsiku limene mnzathuyu ankanyamuka chaka chatha, inu munamuimbira foni, ine ndinali naye pamaso. Anandikokera pambali, kuseri kwa nyumba yake yosatha ija ya ku Chinamwali, n'kundiuza mawu awiri basi: "Mundionereko ana." Ine ndinayankha mofulumira kuti asade nkhawa. Mumtima ndinkaganiza kuti nkhani yake ndi yodutsako Loweruka, kusiya kasuga, kufunsa za sukulu, n'kumapita. Ndinkaona ngati vuto la banja la msilikali amene ali ku mishoni ndi la ndalama, ndipo popeza malipiro ake amalowa mwezi ndi mwezi, ntchito yanga ikhala yopepuka. Mpaka Khirisimasi zinalidi choncho. Ndinaperekeza wamkulu uja kukalipira za mayeso, ndinapeza aganyu okapalira ndi kubandira munda wa agogo, ndinakangana ndi mmisiri amene ankafuna kunyowetsa simenti ya eni ake. Zinthu zoti munthu aliyense akhoza kuchita.

Januwale ndi amene anandiphunzitsa.

Kwanuko nkhaniyi munaimva bwino kuposa ife, chifukwa South Africa inataya asilikali 14 ndipo ma TV anu sankakamba china. Kuno tinkatolera nyenyeswa. Tinamva kuti nkhondo yakula ku Sake, kufupi ndi mzinda wa Goma kum'mawa kwa Congo, kenako kuti asilikali athu atatu aphedwa. Chimene chinatipeza poyamba chinali chiwerengero chokha. Achimwene, chiwerengero chopanda dzina n'chankhanza, chifukwa nyumba iliyonse imene ili ndi munthu kumeneko imadziwerengera yokha. Lolemba pa 27 Januwale tinamva kuti zigawenga za M23 zalowa mu Goma. Magetsi ndi madzi zinaduka mumzindamo, mafoni anasiya kugwira, ndipo ya a Sajeni inakhala chete masiku 9.

Ntchito yanga yoyamba m'masiku amenewo inali yoseketsa mukaimva, koma inandituluka thukuta. Ndinayenera kufotokozera abale ake kuti ku Congo kuli magulu awiri a asilikali a dziko lino. Alipo amene ali pansi pa United Nations, m'gulu lija linakhazikitsidwa mu 2013 la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, amene ambiri timawamvera cha ku Beni, kumpoto ndithu. Ndiye alipo amene anapita pansi pa SADC, gulu limene linayamba kulowa m'dzikomo mu Disembala 2023, ndipo amenewa ndiwo anali ku Goma ndi ku Sake. Achemwali ake a mnzathuyu anamva kwa mnansi kuti mwana wake wa ku Beni waimba foni ali bwinobwino, iwo n'kuyamba kulira kuti ngati ena akuimba ndiye kuti wathu wapita. Ndinachita kujambula mapu pansi ndi kamtengo. Koma mapuwo atamveka, chitonthozo chinatha pomwepo, chifukwa aliyense anaona kuti wathu ali mbali yoipayo.

Tsopano ndinene chimene chandikhala pakhosi, ndipo mundikhululukire, ndinu mbale wanga. Vidiyo imene munaponya pa gulu lathu la WhatsApp Lachiwiri usiku ija, yoonetsa matupi m'mphepete mwa msewu, alamu anaiona. Munaiwala kuti tinawalowetsa pagulupo nthawi ya ukwati wa mng'ono wanu ndipo sanatulukepo. Anaionera kambirimbiri, kuimitsa, kukulitsa chithunzi, kuyang'ana nsapato ndi zala za anthu akufa kuti mwina azindikira mwamuna wawo. Mayi a kunyumba kwanga anawapeza m'mawa maso ali psuu, foni ili m'manja. Vidiyoyo mpaka lero palibe akudziwa kuti inajambulidwa kuti ndiponso liti. Ndikudziwa kuti munaponya chifukwa nanunso mtima unali m'mwamba ndipo kumeneko munalibe wokamba naye. Sindikukuimbani mlandu. Ndikungopempha kuti chilichonse cha ku Congo chimene chakupezani muzitumiza kwa ine ndekha, ndichione kaye.

Amene anatithandiza pa zimenezi ndi mayi wina wachikulire wa kubalaki ya Cobbe, mkazi wa msilikali wopuma, amene amuna ake anapitako ku mishoni kangapo. Anabwera yekha osaitanidwa, atanyamula mkeka wake. Anawalanda foni alamu n'kuwauza kuti uthenga wa maliro a msilikali subwera pa WhatsApp, amabwera nawo akuluakulu a kuntchito, pakhomo, maso ndi maso. Anati malinga ngati pageti sipanaime galimoto, phikani nsima ana adye. Mawu amenewo anatigwira mtima masiku angapo. Koma anabala vuto lina, chifukwa kuyambira pamenepo alamu ankamva galimoto iliyonse yodutsa mumsewu. Tsiku lina madzulo ndili pomwepo, galimoto ya asilikali inaima pafupi ndi geti. Alamu anali ndi beseni la ufa m'manja. Sanakuwe, sanathawe, anangokhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene mawondo amukana, ufa n'kutayika. Dalaivala anatsika, anagula tomato kwa mayi wogulitsa pamsewupo, n'kumapita. Ine ndinatola beseni lija osadziwa chonena, ndipo mpaka lero sindinachipeze.

M'masiku omwewo ndinadziwa kuti kuonera mnzako ana nthawi zambiri ndi kungokhalapo. Mayi a kunyumba ankagona konko, ine ndinkabwera ndikaweruka kusukulu, kukhala pakhonde, kuthandiza ana masamu, kumvera limodzi nkhani za pa wailesi. Amayi a Mvano anagawana masiku, wina kubwera ndi nkhuni, wina ndiwo. Palibe ankalalikira. Mmodzi yekha anayesa kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, anzake anamuponda phazi.

Ndipo si onse anabwera kudzatonthoza. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunatulukira mbale wina wa a Sajeni, mukumudziwa, sindimulemba. Analonjera bwinobwino, anamwa tiyi, kenako anayamba kuzungulira nyumba. Ndinamupeza m'chipinda chosungira katundu akuwerenga malata amene mnzathu anagula asanapite. Anafunsanso alamu kuti khadi ya kubanki amasunga ndani. Munthu asanafe, achimwene! Ine magazi anandithamanga, ndinamufunsa kuti akufuna chiyani. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Inu pano ndinu ndani?" Funso limenelo linandibaya chifukwa linali loona. Sindine mbale, sindine nkhoswe, sindine mwinimbumba. Ndine munthu amene ndinagona naye bedi loyandikana kusekondale basi. Ndinadziwa kuti ndikalimbana naye ndekha, mawa nkhani idzakhala yakuti mphunzitsi uja walowerera chuma cha eni ake. Ndinatuluka, ndinakwera kabaza kukatenga ankhoswe a kuchimuna, mkulu wofatsa uja wa ku Mpondabwino. Iwo sanakweze mawu. Anangomukumbutsa kuti mwini nyumba ali moyo mpaka boma litanena zina, ndipo ngakhale litanena, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi ndi ana ndi mlandu. Mkulu uja anatsanzika dzuwa lisanalowe. Malata alipo onse, ndinawawerenganso ndekha, ndipo makiyi a chipindacho tsopano ali ndi ankhoswe.

Funso lakuti ndine ndani linabweranso mwa njira ina. Mukudziwa mmene pakamwa pa anthu pamayendera. Mwamuna wa mwini akamaoneka kawirikawiri pakhomo pamene mwini wake kulibe, nkhani imaphuka yokha ngati bowa. Inafika mpaka kusukulu kwathu, mnzanga wina n'kundinong'oneza moseka kuti ndasanduka wogwirizira udindo. Ndinaseka nawo koma usiku sindinagone. Kusiya kupitako kukanakhala kuwapatsa chigonjetso amiseche ndi kutaya mawu amene ndinalonjeza. Kupitiriza mmene ndinkachitira kukanaipitsa dzina la alamu, amene ali ndi zolemetsa zokwanira kale. Tinagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti ine sindipondako ndekha, sindilowa m'nyumba dzuwa litalowa, ndipo ndalama iliyonse imadutsa m'manja mwawo, mkazi kwa mkazi mnzake. Ndinawauzanso a Sajeni ndekha foni itayamba kugwira, kuti asadzamvere kwa ena. Anaseka, n'kunena kuti kumene aliko ali ndi zoopa zenizeni. Komabe ndinamva kupepuka.

Foni ija inalira tsiku lachisanu ndi chinayi, m'bandakucha. Nambala yachilendo. Ananena kuti ali moyo, asadandaule, n'kuduka. Alamu anatiimbira akulira mwakuti mayi a kunyumba anayamba kufunafuna chitenje cha kumaliro, mpaka tinamvetsa kuti ndi kulira kwina.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga, ndisamangoloza inu chala. Pakati pa Febuluwale kamtsikana kotsiriza kaja kanadwala malungo aakulu, mpaka kugonekedwa m'chipatala masiku anayi. Ine ndinalangiza alamu kuti tisawauze bambo ake. Ndinkaganiza kuti munthu ali pamalo pamene sangatuluke, bwalo la ndege la Goma n'lotseka, kumuuza n'kungomusenzetsa mtolo umene sangautule. Alamu anamvera. Koma ataimba, wapakati uja, mwana wa zaka 7 wosadziwa kubisa, analanda foni n'kuulula kuti mchemwali wake anamubaya diripi. A Sajeni anandiimbira tsiku lotsatira. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Ngati mwandibisira ichi, ndidziwa bwanji kuti mukamati onse ali bwino mukunena zoona?" Ndinasowa poyankha. Kuyambira pamenepo timamuuza zonse, koma timasankha kanenedwe: kuti mwana wadwala, tapita naye kuchipatala, walandira mankhwala, lero wadya phala. Vuto ndi chimene tachitapo zimapita limodzi. Kwa agogo kokha ndi kumene ndimachepetsabe. Iwo akukumbukira Novembala wa 2018, pamene asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni, ndipo chiyambire pamenepo dzina loti Congo likamveka amasiya kudya. Ndikapita ku Jali ndimawaimbira mwana wawo ngati netiweki yalola, amve mawu okha. Zinazo sindiwonjezera. Kaya ndikulakwanso, adzandiweruza mwini wake akabwera.

Amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi mnyamata wamkulu. Ali Sitandade 8, mayeso ali pafupi, koma mutu suli pasukulu. Wasiya kusewera mpira ndi anzake, iye amene bambo ake ankapita naye kukaonera Red Lions atamunyamula paphewa. Usiku amadzuka kukayesa zitseko ngati zatsekedwa. Wina anamuuza kuti tsopano bambo wapanyumba ndi iyeyo, ndipo mwana wa zaka 13 wazitenga zenizeni. Ndikanamudziwa amene ananena mawu amenewo ndikanamufunsa bwino. Tsiku lina tikuchokera kuchigayo anandifunsa za Chancy Chitete, msilikali wathu uja anafa pankhondo ya 2018 ija akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, amene United Nations inamulemekeza ndi mendulo mu 2019. Anali atawerenga pa foni ya amayi ake. Ndinayamba kumufotokozera za kulimba mtima, monga mphunzitsi, iye n'kundidula: "Ankolo, ine sindikufuna adadi apate mendulo." Tinayenda mpaka kunyumba osayankhulanso.

Apa ndi pamene ndikukufunani, achimwene, kuposa pa ndalama. Mwanayu kwa ine amaona mphunzitsi, amandiyankha mwaulemu n'kutseka pakamwa. Inu amakuonani ngati munthu wa kunja, wa nkhani za Kaizer Chiefs ndi sitima za pansi pa nthaka. Muzimuimbira Lamlungu lililonse madzulo, pa foni ya amayi ake, ngakhale mphindi zisanu. Musamufunse za Congo, musamuuze kuti alimbe mtima. Mufunseni za mpira, muuzeni mmene bambo ake anagwera mu Likangala atavala yunifolomu ya sukulu, ndi mmene tinawabisira kwa a hedi. Akufunika kumva za bambo ake monga munthu woseketsa, osati monga nkhani ya pa wailesi. Koma mukayamba musadzasiye pakati. Mwana amene akudikira kale foni imodzi simungamuonjezere ina yoti azidikira pachabe.

Tsopano za funso lanu. Malipiro a mnzathu akulowa, ndipo alamu ndi munthu wodziwa kugwira ndalama. Ali m'banki m'khonde ya amayi a kutchalitchi ndipo sanapiteko kwa akatapila. Vuto n'lakuti ndalamayo yachepa mphamvu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu sizinaimenso, ndipo chilala cha chaka chatha chinasiya nkhokwe za kumudzi zili mbee, moti chimanga cha agogo ndi cha achemwali awiri chakhala chikuchokera m'thumba lomweli. Kuonjezera apo, achibale onse amakhulupirira kuti wa ku mishoni amagona pa madola, ndiye aliyense wodwala dzino amalunjika ku Chinamwali. Mukatumiza ndalama yongoti "ya pakhomo", sabata siitha, ndipo alamu sangakane munthu chifukwa amaopa kuti adzanenedwa kuti anamana abale a mwamuna iye kulibe. Choncho tumizani ya chinthu chodziwika. Ine ndikuona ziwiri: maphunziro apadera a mnyamatayu mpaka alembe mayeso, ndi aganyu okolola kwa agogo mwezi wa mawa kapena wa Meyi. Kuchuluka kwake ndikuuzani ndikakambirana ndi aphunzitsi ake Lachiwiri. Mutumize pa Mukuru m'dzina la mayi a kunyumba kwanga monga munachitira pa maliro a malume anu, iwo akapereka ndipo ndidzakujambulirani malisiti. Pa gulu musalengeze. Alamu ali ndi ulemu wawo, ndipo a Sajeni sanapemphe munthu.

Mwamva kuti akubwera. Nafenso tamva. A Pulezidenti Chakwera analamula pa 5 Febuluwale kuti mkulu wa asilikali ayambe kukonzekera zowachotsa, ndipo pa 13 mwezi uno atsogoleri a SADC anagwirizana zothetsa ntchito ya gululo ndi kuti asilikali azichoka pang'onopang'ono. Tsiku limene nkhani yoyamba ija inamveka, kamtsikana kaja kanasesa chipinda cha bambo ake, kanadikira pageti mpaka mdima. Papita masabata oposa 6. Pakati pa kulamula ndi kufika pali Goma amene ali m'manja mwa a M23, bwalo la ndege losagwira ntchito, ndi zida zoti zituluke nawo. Ndiye chonde mukamayankhula ndi ana musatchule tsiku, musanene ngakhale kuti Isitala adzadyera limodzi. Ife timangoti akuluakulu agwirizana kuti abwere, ndipo akanyamuka atiuza.

Chinanso ndikuchiganizira ndekha usiku. Mukuwakumbukira atsibweni anga, amene anali m'gulu lolondera njanji ya ku Nacala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati? Anabwera ndi manja ndi miyendo yonse, tinavina. Koma ankakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse osayankhula, chitseko chikamenyeka ndi mphepo ankadzambatuka, ndipo azakhali anapirira zambiri zimene ife ana tinazimva titakula. Nthawi imeneyo tinkangoti asilikali ndi anthu ovuta. A Sajeni akaimba masiku ano amafunsa za aliyense, mpaka za galu, koma za iwo eni amangoti "tilipo". Anzawo amene ankadya nawo mbale imodzi ena anabwera m'mabokosi. Sindikuyembekeza kuti munthu amene tidzamulandire adzakhala yemwe uja tinamuperekeza, makamaka miyezi yoyamba. Anzathu ena ayamba kale kukamba za phwando, mbuzi ndi zoimbira. Ine ndawauza kuti tidikire, tidzamuone kaye mwini wake. Mwina chimene adzafune ndi kugona masiku atatu, ndi munthu woti akhale naye pakhonde osamufunsa kuti anapha angati. Mayi wa ku Cobbe uja walonjeza kuti adzakhala pansi ndi alamu za zimenezi, ndipo ine ndikufuna ndikaonane ndi abusa a kubalaki, ndimve kuti thandizo lilipo lotani kwa obwera kumene.

Inu munati mwina mubwera mu Ogasiti. Ngati n'kotheka musasinthe. Nthawi imeneyo alendo odzaona ngwazi adzakhala atatha, ndipo m'pamene adzafune anthu amene anamudziwa asanavale yunifolomu. Tidzakwere phiri atatu ngati kale, mpaka ku Chingwe's Hole ngati mimba zathuzi zilola.

Mvula kuno ikupita kumapeto, mondokwa tayamba kudya, ndipo alamu atumiza maungu awiri kuti ndikuuzeni kuti gawo lanu ndadya ine. Mupereke moni kwa alamu anga kumeneko ndi ana. Mnyamata uja amavala nsapato nambala 6 tsopano. Za mpira zimene bambo ake anamugulira zamuthina, ndipo sanauze munthu, ndinangoona akuyenda chotsimphina. Lamlungu likubwerali foni ya amayi ake idzakhala ndi iyeyo kuyambira 5 koloko.

Ndine mbale wanu,
wa ku Matawale